Singano ya mtengo wa ng'ombe

Bambo anga atapuma pantchito ya uphunzitsi, tonse pabanja pathu tinkadziwa kumene ndalama zawo zopumira zidzapite. Denga la nyumba yathu ku Ntchisi linkadontha, ndipo amayi anali atafunsa kale mtengo wa malata ku Boma. Ine ndinkaphunzitsa ku Dzoole, kwathu ndinkangofikako sukulu akatsekera.

Bambo anali ndi galamafoni yamagetsi imene anagula asanakwatire, ndi zimbale zakuda zodzaza katoni. Ankaiyendetsa ndi batire ya sola, ndipo munthu wina aliyense sankaloledwa kuikhudza. Masana ena anandiitanira pakhonde nkundipatsa foni yawo.

"Taona ichi, mwanangu. Msuweni wako wa ku Joni wanditumizira. Pandalama zathu zikukwana zingati?"

Pachithunzipo panali kamutu ka singano ya galamafoni, kaja kamayenda m'mizere ya chimbale, mtengo wake wa ndalama za ku Joni utalembedwa pansi pake. Ndinawerengetsa. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, ndinabwereza.

"Bambo, iyi ndi ng'ombe yathunthu. Mwinanso ndi thole lake."

"Ndimayembekezera zomwezo," anatero osatekeseka. "Nsonga yake ndi ya dayamondi. Yanga ija imapala chimbale ngati khasu, iyi imangotsatira mzere bwinobwino."

"Nanga malata?"

"Ndalama ndatumiza kale."

Munthu amene ankatiuza kuti titembenuze envelopu yakale nkuigwiritsanso ntchito, mkulu wa mpingo amene ankadzudzula anyamata omwaza ndalama za fodya pa Chezi, ndi yemweyu?

Amayi atamva sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye mvula ikabwera tidzafunda singanoyo?" Bambo anakhala ngati sanamve.

Katunduyo anabwera pabasi mpaka ku Lilongwe, ndipo wokatenga ndinali ine. Ndinanyamula chikwama chachikulu. Kondakitala atandipatsa kabokosi kochepa ngati ka machesi, ndinamufunsa ngati panalibe kena kotsalira. Njira yonse yobwerera ndinakamanga pansonga ya chitenje, dzanja lili pomwepo, minibasi ikudumpha m'maenje.

Bambo anamangirira kamutuko tsiku lonse, magalasi ali pamphuno, akupuma mosamala. Dzuwa litapendeka anatiitana ine ndi amayi. Anatulutsa chimbale cha kwaya ya kumishoni kumene iwo ndi mng'ono wawo ankaimba akuphunzira. Bambo aang'onowo anamwalira ine ndisanabadwe, ndinkangowadziwira pachithunzi.

Chimbalecho ndinakula ndikuchimva. Kwa ine chinali chiphokoso cha anthu oimbira m'mgolo, kuphatikiza kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Koma tsiku limenelo singano itangotera, tsitsi linandiima. Ndinamva anthu akukoka mpweya asanayambe. Ndinamva benchi ikulira. Mawu aliwonse anali payekhapayekha, ngati oimbawo aima kuseri kwa kabati. Pandime yachiwiri, woimba besi wina analowa msanga anzake asanalowe, kenaka nkudzibweza.

Bambo anakweza chala. "Ndi ameneyo. Sankatha kudikira."

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndi alamu anga enieni." Anakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Tinabwereza ndimeyo mpaka batire inafooka. Kunena zoona, ndinasokonezeka. Ndinali nditakonza mawu ambiri owauza bambo za kuwononga ndalama, koma onse anandithawa. Komabe nditakweza maso ndinaona kuwala kwa kunja kukulowera m'mabowo a denga, mtima nkuyambanso kuwawa.

Zimbale zina sizinasinthe kwambiri. Zokandika zinkathethekabe, mwinanso kuposa kale, poti singano yabwino simabisa chilema. Bambo anati vuto ndi mkono wa galamafoniyo, ndipo anayamba kufunsa msuweni uja mtengo wa mkono watsopano, kenaka wa zokuzira mawu. Amayi anatenga khadi la kubanki nkulisunga okha. Mvula ya chaka chimenecho inatipeza ndi mabeseni m'nyumba monse, galamafoni itafunditsidwa pulasitiki ya mabelo a fodya.

Ngozi inachitika Loweruka lina, tikukonzekera kulandira amayi a chigwirizano. Bambo anali kudimba. Amayi ankapukuta fumbi pabalaza ndi kansalu, ndipo poona kuti chivundikiro cha galamafoni chasiyidwa chotsegula, anati adutsitsepo kamodzi. Ine ndinali kukhitchini. Ndinangomva akuitana ndi mawu amene sindinawamvepo.

Ndinawapeza atagwira kansaluko m'manja. Kawaya ka singano, kopyapyala ngati tsitsi, kanali katakola mu ulusi. Kanathyoka popanda ngakhale kaphokoso.

"Ndapha ng'ombe ya bambo ako," ananong'ona.

Bambo atabwera anayang'ana kansaluko, anayang'ana galamafoni, nkuvula chipewa. Ndinkadikira mkuntho. Iwo anatuluka, anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka alendo anabwera nkupita. Madzulo analowa nkunena kuti, "Wosiya chotsegula ndine." Nkhani inathera pomwepo. M'mawa mwake anabwezeretsa singano yakale ija.

Malata tinadzagula chaka chotsatira, titasonkherana ana. Bambo amaimbabe zimbale zawo Lamulungu akaweruka kutchalitchi, koma za mkono watsopano sanazitchulenso.

Patapita miyezi, ndikuthandiza amayi kusenda mtedza, anayang'ana uku ndi uku nkundiyandikira.

"Iwe, tafunsa msuweni wako. Kansonga kokhako, osati mutu wonse, angagulitse bwanji?"

Ndinadabwa kuti funsoli likuchokera kwa iwo, koma ndinafunsa. Yankho linabwera tisanamalize lichero: mtundu umenewo sasintha nsonga yokha, umatumizidwa kunja kuti akaukonze, ndipo mtengo wake ndi woposa theka la watsopano.

"Theka!" Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Anthu amenewa amapemphera koma?"

Anatembenuza mtedza m'lichero. Kenaka anandiuza kuti ndisawauze bambo kuti anafunsa, nanyamuka kukatsekera nkhuku.