Umboni Umene Sindinapereke

Anagogoda Lolemba m'mawa, nyengo yachisanu, chifunga cha ku Luwawa chisanachoke m'mitengo ya paini. Anali amuna atatu osavala yunifolomu, ndipo wamkulu wawo anayamba ndi ulemu: "Monire, adada. Ndapota, tiyeni ku Boma mukatiyankhe timafunso."

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Ndinali dalaivala wa lole yonyamula matabwa kupita kumalire a Zambia, ndipo ndinkaona envulopu ikulowa m'thumba la munthu pachipata, matabwa n'kudutsa ngati mphepo. Masiku angapo m'mbuyomo kunabwera alendo a mbali zonse ziwiri za malire, ndi ena akutali, kudzalimbikitsa pangano la mayiko lothana ndi ziphuphu. Anatisonkhanitsa ife a ntchito zamatabwa m'holo n'kunena kuti aliyense alankhule kuseri kwa chinsalu, osatchula dzina. Ine pakamwa panga sipachedwa kuyabwa. Ndinanena zonse.

Nditamaliza, holo yonse inawomba m'manja n'kundithokoza monga achitira kuno, ponditchula chiwongo changa mokweza. Chichewa changa cha ku Ntcheu sichibisika. Sanachite mwanjiru ayi: ku Mzimba, kusathokoza munthu ndi chiwongo chake ndi kusaleredwa. Alendowo anangomwetulira. Anati abweranso kudzamva umboni wanga molumbira, chifukwa popanda mboni mlandu sukanayenda, kuno kapena tsidya linalo.

Amuna atatu aja sananditengere ku ofesi iliyonse yomwe ndimaidziwa. Inali nyumba yampanda yopanda chikwangwani, chipinda chake chonunkha feteleza. Anati ndinatentha nkhalango.

"Moto uti, udzu ukadali wonyowa?" ndinafunsa.

"Moto tiupeza, mbwenu," anatero wamkulu uja.

Zimene zinatsatira funso langalo sindizilemba. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Njala ndi kuzizira ndinkapirira, koma kudikira kunkandidya. Sindinkatha kukhala pansi. Ndinkangoyenda khoma ili, khoma ilo, ndikubwereza umboni wanga chamumtima kuti usandithawe. Galimoto iliyonse ikamveka pamsewu ndinkathamangira pakazenera, poganiza kuti ndi alendo aja abwera kudzandifuna. Mlonda wina wachikulire, wondibweretsera phala, anatopa nane.

"Mukuvutika chomene, adada. Mlendo ndi mame. Ife ndife a pano."

Ndinamukalipira, ndipo anangondiyang'ana mwachisoni. Zimenezo zinandipweteka kuposa khofi.

Loweruka lina chitseko chinatsekuka. "Kazipitani, mulibe mlandu," anatero wamkulu uja. Palibe anapepesa, nanenso sindinafunse.

Mkazi wanga, mwana wa ku Mzimba konkuno, ndinamupeza akuanika zovala. Sanandithamangire.

"Alendo anu anabwera Lachinayi," anatero. "Anakufunani chomene."

"Munawauza kuti ndagwidwa?"

"Ndinati muli ku maliro ku Ntcheu, ndiponso kuti zija munanena m'holo zinali za mowa." Anapukuta manja pachitenje. "Aja anakutengani anandiuza kuti ndikanena choncho mubwera wamoyo. Mbwenu ndikanatani, bambo a ana anga?"

Ndinakhala pansi pakhonde. Mlandu uja unafera pomwepo, ndipo malole akudutsabe.

Anthu amandiuza kuti ndithokoze Mulungu poti ndinatuluka, ndipo ndimathokoza. Ndimayenda kumene ndafuna, ndimagona m'nyumba mwanga. Koma m'chipinda chija ndinali mboni. Kunja kuno ndine chidakwa chimene chinabwebweta pamaso pa alendo, ndipo amene anandipatsa dzinalo ndi munthu yekhayo amene sindingathe kumukwiyira.