Mabuleki a bambo atasiya kulira

Galimoto ya bambo inali ndi ulemu kuposa mwini wake, chifukwa inkaodira. Ikangosiya tara n'kuyamba kutsetsereka kulowera kwathu ku Zingwangwa, mabuleki ake ankalira kuti kwiii! ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Oyandikana nafe ankatukwana, koma ife phokosolo tinkalikonda kwabasi.

Bambo anali mkulu wa mpingo, ochokera kumpoto, ogwira ntchito m'boma, ndipo kunyumba nako ankalamula ngati ali mu ofesi. Nyimbo zakudziko zinali zoletsedwa. Tsoka lawo anakwatira mkazi wa ku Nsanje, wa chiuno chosamva lamulo. Madzulo bambo asanaweruke, amayi ankakweza wailesi, kumanga chitenje m'chiuno, n'kuvina pabalaza mpaka thukuta kamukamu, ine ndi mchemwali wanga tikuwomba m'manja, tikugubuduka ndi phwete. Kwiii! uja akangomveka, wailesi inkazima. Bambo ankapeza amayi akusankha nyemba, ife maso m'mabuku, nkhope zamaliro.

Loweruka lina bambo anabwera ndi makaniko wa ku Chirimba, mkulu wa ovololo yakuda bii ndi oyilo. Anatchinga tayala lakumbuyo ndi mwala, anamasula manati, anakweza galimoto pa jeki, n'kuchotsa tayala lakutsogolo. Atasolola mapadi, tizitsulo tija timagwira disiki kuti galimoto iime, anaimba mluzu. Anali atatha psiti, kupyapyala ngati lezala.

"Bwana, mumayendera chisomo," anatero makanikoyo. "Apa chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Taonani disiki mmene yakandikira."

"Ambuye amasunga," anayankha bambo.

"Kusunga amasunga, bwana, koma mapadi sagula."

Bambo sanaseke. Analowa m'nyumba kukasamba m'manja, ngakhale sanagwireko ngakhale sipanala. Amayi anapezerapo mpata. Anabwera ndi tiyi wa mkaka wambiri, wa alendo olemekezeka, n'kunong'ona.

"Achimwene, simungasiyeko kapadi kakale kamodzi, mbali imodzi yokha? Kazingolirako pang'ono."

Makaniko anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, zovala zakuda mwasoketsa kale eti? Mtsetse uwu, ndi mapadi awa, bwanawa akaimira m'bafa mwa eni ake kumunsi uko."

Amayi anaseka, koma anabwerera kukhitchini atagwa mphwayi. Amuna awo ankawafuna amoyo ndithu, kungoti ankafunanso kumadziwa nthawi yomwe akubwera. Makaniko anabwezera mkati pisitoni yokankha mapadi, analowetsa mapadi atsopano mbali zonse ziwiri, anamanga matayala, kenaka anapopa buleki mpaka inalimba. Atakaiyesa pamtsetse, galimoto inaima mwakachetechete ngati mbala.

Lolemba tinapangana kuti tizisuzumira pawindo. Koma makutu ozolowera ndi aulesi, ankadikirabe kwiii! wawo uja. Pawailesi panabwera nyimbo yomwe amayi sankatha kuipirira, ndipo zapawindo tinaziiwala.

Ine ndi amene ndinayamba kuwaona bambo. Anali ataima pakhomo, chikwama chakuntchito m'manja, tayi ili pakhosi. Amayi anali atawafulatira, akutsika nacho chiuno mpaka pansi, akuseka mokhala ngati mtsikana. Sindikudziwa kuti bambo anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Chomwe chinandiopsa n'chakuti sanali okwiya. Kukamwa kunali kotsekuka pang'ono, ndipo nsapato yawo imodzi inkagunda pansi motsatira ng'oma.

Ndinalumpha n'kuzimitsa wailesi. Amayi atatembenuka anathamangira lichero la nyemba, mchemwali wanga anatola buku n'kuligwira chadodolido.

"Mwazimitsiranji?" anafunsa bambo.



Anayang'ana amayi, anayang'ana ife, kenaka analankhula ndi mawu aang'ono omwe ndinali ndisanawamvepo.

"Kani m'nyumba muno mumaseka."

Amayi anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, maso ali pa nyemba.

"Timaseka, bambo. Mukachokapo."

Aka kanali koyamba kuti ndiwamvere chisoni bambo anga. Anaimabe pakhomo la nyumba yawo yomwe, chikwama chili m'manja, kudikira kuti wina awauze kuti lowani.