Isiyeni Izidontha

Chaka changa chachitatu ku koleji ya zaumisiri anatimwaza m'maboma kuti tikaphunzire ntchito ndi manja. Anzanga anapita kumafakitale a m'tauni, ine ananditaya ku Kasungu, kunyumba ya mapampu a madzi kudamu. Ndinanyinyirika njira yonse. Munthu wodziwa kuwerengera mphamvu ya injini papepala n'kukamuika m'kanyumba ka malata pakati pa minda ya fodya? Ndinali ndi matama masiku amenewo, sindibisa ayi.

Ondiyang'anira anali ainjiniya a paboma, koma iwo ankabwera mwa apo ndi apo. Amene ndinkaswera nawo tsiku lonse anali bambo ena achikulire a kwa Kaomba, oyendetsa mapampuwo, amene sukulu anangoilawa. Ankanditchula kuti "ainjiniya", koma ndi kamawu kena kake koti ukamva umadziwiratu kuti akukuseka.

Mapampu analipo awiri. Ina inafa kalekale, ikudikira zitsulo zochokera kunja. Yotsalayo ndiyo inkakankha madzi kupita kuthanki ya paphiri, ndipo kuchokera kumeneko ankatsikira kuchipatala, kusukulu ndi kunyumba zonse za paboma. Tsono pamalo pamene shafuti, chitsulo chozungulira chija, imalowera m'pampu, pankadontha madzi. Tho, tho, tho, m'kachitini kadzimbiri kamene bambowo ankakhuthula m'mawa uliwonse. Zinkandinyansa koopsa. M'mabuku athu munali mapampu amakono, osadontha.

"Bambo, manati awiri okhawa, bwanji osangomanga?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Isiyeni izidontha, ainjiniya."

"Chifukwa?"

"Imafuna choncho."

Yankho lanji limenelo? Mumtima ndinangoti ndi ulesi basi.

Inali nyengo yothyola fodya, zigafa zitayamba kudzaza, pamene tinamva kuti Mtsogoleri wa dziko abwera Loweruka kudzayendera mbewu. Boma lonse linatekeseka. Miyala ya m'mbali mwa msewu anaipaka laimu, udzu anatchetcha, ndipo amayi ovina ochokera m'midzi yonse, mpaka a ku Santhe, anawasonkhanitsa pasukulu kuti azikonzekera nyimbo. Lachinayi m'mawa bambo aja anawaitana kuofesi ya Chipani kukathandiza kuzika mitengo ya mbendera. Ndinatsala ndekha. Ndinasesa, ndinapukuta pampu mpaka kuwala, kenaka maso anagwera pakachitini kaja. Ndinati akuluakulu atati adutse kuno, adzaone manyazi amenewa? Ndinatenga sipanala n'kumanga manati onse awiri mpaka dontho linaleka. Chitinicho ndinachiponya kuseri, paudzu. Ndinadziona ngati munthu wamkulu zedi.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva fungo ngati la nsanza yopserera. Pocheuka, utsi! Pampu inalira moipa, magetsi anadzidula okha, m'nyumbamo munangoti zii. Bambo aja anandipeza nditangoima, sipanala ili m'manja. Anatsamiritsa njinga, anayandikizako dzanja pashafuti n'kulibweza msanga. Anayang'ana pamene pankakhala chitini, kenaka anayang'ana ine.

"M'katimu muli chingwe cha girisi chozinga shafuti," anatero motsitsa mawu. "Timadzi tija ndi timene timachiziziritsa."

Titatsegula tinapeza chingwecho chasanduka makala, shafuti itakalika mizere. Kusitolo ya zida kunalibe china. Thanki nayo, ndi khamu lija la pasukulu, sinachedwe kuuma. Pofika 3 koloko mipopi inali itauma.

Anabwera atcheyamani a Chipani, munthu wamtali wovala jekete lakuda, ndi anyamata anayi a malaya ofiira. Sanatipatse moni.

"Mwezi wonse madzi analipo," anatero atcheyamaniwo. "Lero amayi a Mtsogoleri asonkhana, madzi asowa. Wakutumani ndani?"

Amene sanakhaleko masiku amenewo sangalimvetse funso limenelo. Makina sankangowonongeka ayi, pankayenera kupezeka woukira. Ndipo woukira sankapita kukhoti, ankangokwera galimoto, abale ake n'kumaopa ngakhale kufunsa. Ife a ku koleji ndiye ankatikayikira kale. Mnzathu wina anasowa chifukwa cha nthabwala chabe ya m'chipinda chodyera. Komabe ndinatsegula pakamwa.

"Bwana, amene wamanga…"

"Khala chete iwe!" anandikalipira bambo aja. "Akulu akulankhula! Bwana, uyu musamumvere, ndi wosesa chabe, sipanala sadziwa kumutu ndi kumchira komwe. Ndamanga ndine, m'mawa, ndisanabwere kuofesi kwanu. Ndimati pakhale paukhondo."

Kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Ndinakhaladi chete. Ndipo choipa n'chakuti mtima wanga unakhala pansi, ndinamva kupepukidwa. Chimenecho chimandichititsa manyazi mpaka lero.

Atcheyamani anatulutsa kabuku m'thumba, anafunsa dzina la bambowo, la mudzi wawo ndi la mfumu yawo, n'kulemba mosafulumira.

"Mawa dzuwa likafika pamutu, madzi akhale akutuluka pasukulu," anatero, n'kutisiyira anyamata awiri pakhomo.

Madzulo amenewo tinamasula zonse osalankhulana. Lachisanu m'mamawa bambo aja anafika ndi mpukutu wa chingwe chosokera fodya cha m'chigafa mwawo, ndi mafuta a ng'ombe amene anakapempha kwa opha nyama. Anazungulira kuseri n'kutola chitini chija paudzu, osandiyang'ana n'komwe. Anachiteleka pamoto, anasungunuliramo mafutawo pamodzi ndi girisi, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kuluka chingwecho mothinitsa, ngati mmene amayi amalukira tsitsi. Ine anandipatsa sandipepala kuti ndisalaze shafuti. Ndinakhula mpaka zala zinatuluka magazi, koma sindinayerekeze kudandaula.

Mmodzi wa anyamata aja ankangoti akasuzumira m'nyumbamo, n'kuyang'ana kumwamba kuona dzuwa.

"Madala, nthawi ikutha," ankatero.

"Dzuwa si langa, mwana wanga," anayankha bambowo, manja ali pantchito.

Ataviika chingwe cholukacho m'mafuta, anachidula timphete n'kutilowetsa kamodzikamodzi kuzinga shafuti. Atatha ananditambasulira sipanala. Ndinakana ndi mutu.

"Gwirani, ainjiniya. Mangani pang'ono. Basi, pomwepo."

Anayatsa. Pampu inatsokomola, inagwedezeka, madzi anathovoka pashafuti n'kutinyowetsa tonse.

"Onjezerani pang'ono. Uku. Tsopano uko. Dikirani kaye, musathamange."

Tinatero kwa nthawi yaitali, kumanga pang'ono n'kudikira, mpaka madzi aja anachepa n'kutsala tho, tho, tho. Bambo anagwirapo ndi chikhatho n'kukhala osachotsa. Anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo. Panali pozizira. Anatsuka chitini chija n'kuchibwezera pamalo pake. Dzuwa lisanafike pamutu tinamva nthungululu kuchokera kusukulu.

Loweruka linadutsa bwinobwino. Amayi anavina, magalimoto anadutsa ali mdipiti, ndipo kudamu sikunafike ngakhale munthu mmodzi woti aone ngati pansi panali pouma kapena ponyowa. Ine ndinati zatha. Ndinali ndisanadziwe kuti dzina likalowa m'kabuku kaja silifufutika.

Lolemba m'mawa tinamva galimoto ikubwera m'kamsewu ka pakati pa fodya. Inali ya apolisi. Bambo anaiona pawindo, anavula ovololo n'kuipachika pamsomali mwadongosolo.

"Bambo, ndinena," ndinatero. "Ndiwauza kuti ndine."

"Mukanena atenga awiri," anayankha. "Ndiye pampu itsala ndi yani? Kuchipatala amwa chiyani?"

Anandipatsa makiyi.

"Chitini muzikhuthula m'mawa. Chingwe chotsala chili pashelefu. Njingayi mukapereke kwathu."

Anatuluka okha asanawaitane. Ndinaima pakhomo mpaka galimoto inabisika ndi fodya, ndipo kumbuyo kwanga pampu inkangodontha.

Njinga ndinakapereka. Mayi a kunyumba kwawo anailandira ndi manja awiri, anandiyalira mphasa, anandifunsa ngati amuna awo ananenako kanthu. Ndinati anangoti musadandaule. Zoona zake sindinawauze. Ndinayendetsa pampuyo ndekha masabata asanu amene anatsala, ndipo tsiku limene ndinachoka ku Kasungu bambowo anali asanabwerere. Patapita zaka ndinamva kuti anawatulutsa, koma ntchito sanawabwezere, anakangolima fodya mpaka imfa yawo. Ndinkati ndidzapita ndikagwade, ndikapepese. Chaka chino, chaka chamawa, mpaka osapita. Anali mantha, palibenso dzina lina.

Ainjiniya a paboma anandilembera kalata yabwino yopita nayo ku koleji. Analemba kuti ndine mnyamata wosamala makina, amene anapulumutsa madzi a boma lonse panthawi yovuta. Kalata imeneyo ndi imene inandipezetsa ntchito yanga yoyamba.