Bowo la Patsamba la Thangata

Dzulo ndikulongedza katundu ndinapeza kabuku komwe ndinkalembamo zakukhosi ndili pasukulu. Tsamba lina lili ndi bowo, ndipo limandipsetsabe mtima.

Nthawiyo tinkakhala ku Parklands, kutali ndi kwathu. Aphunzitsi a mbiri yakale anatipatsa mawu achingerezi akuti "feudalize", onena za kusandutsa anthu antchito a mwini malo, nati aliyense abweretse chitsanzo cha kwawo. Ndinawafunsa mayi akusita yunifolomu yanga.

"Kwathu timati thangata," anatero. "Mzungu anatenga munda wa agogo anga ku Chiradzulu, iwo n'kumamulimira ulere kuti asawathamangitse pomwe anabadwira. Lemba zimenezo, Tadala."

Ndinalemba mosamala m'kabukuka. M'mawa ndinapita kukatsimikiza kulaibulale, koma mu dikishonale yaikulu yachingerezi ya kumeneko thangata munalibe. Ndinkakhulupirira kuti mawu osapezeka mmenemo ndi abodza, ndiye ndinafufuta ndi labala mpaka pepala linabooka. M'kalasi ndinanena monong'ona za mafumu a ku Ulaya ndi akavalo awo.

"Nanga za kwanu?" anafunsa aphunzitsi.

"Kwathu kunalibe."

Nditafika kunyumba mayi anafunsa ngati ndawerenga za thangata zija m'kalasi, ine n'kuvomera ndi mutu. Mpaka lero sindinawauze kuti tsiku lija agogo awo analandidwa munda kachiwiri, ndipo wolandayo ndinali ine.