Mawondo Anga M'munda wa Mpunga

Mpunga suwokeredwa nsalu ili m'akakolo. Aliyense wa kwa Mwambo amadziwa zimenezi: umakwinya nsalu mpaka m'ntchafu n'kulowa m'matope. M'mawa umenewo ndinali nditazula mbande zanga zonse n'kuzimanga m'mitolo, ndipo mbande ukazula siichedwa kufota. Amuna anga anali ku chilumba cha Chisi ndi ukonde. Chakudya chathu cha chaka chonse chinali m'mitolo imeneyo.

Achinyamata a chipani anaima m'mphepete mwa munda. Wowatsogolera anali mwana wa oyandikana nafe, yemwe ndinkamupukuta mamina ali wamng'ono.

"Mayi, mawondo amenewo mukuonetsa ndani? Lamulo simulidziwa?"

"Ndikuonetsa achule, mwanawe. Nanga ndiwokere bwanji?"

"Tsitsani nsaluyo, mutuluke. Lole ikudikira. Amayi onse akukaphunzira gule ku Zomba."

Ndinamuonetsa mitolo ija. Anandifunsa ngati mbande zanga zinali zazikulu kuposa mwini dziko. Masiku amenewo funso lotere sunkaliyankha. Ndinakwera lole matope ali m'miyendo.

Wailesi inkaimba kutacha kutada kuti amayi ndife mbumba ya mtsogoleri, palibe mwamuna angatikhudze. Titafika pabwalo la gule ku Zomba anatipatsa nsalu za nkhope yake n'kutiika m'mizere. Oyera khungu, odzola mafuta a m'sitolo, anawaika kutsogolo. Ife akuda, a ming'alu ya ku Chilwa m'zidendene, kumbuyo kwenikweni. Bambo wina wa tayi ankazungulira ndi kandodo, kutikalipira kuti tizithyola chiuno kwambiri poti kubwera nduna. Bondo langa m'munda mwanga momwe ankati n'lochititsa manyazi, koma chiuno ankachifuna. Mpaka lero ndikamva ng'oma ya gule ameneyo mtima umandiwira. Sindinakhululuke, ndipo sindikufunanso kukhululuka.

Anatibweza sabata itatha. Mitolo ya padzuwa inali itauma gwa, ya m'madzi itaola n'kumanunkha. Ndinasankhamo mbande zamoyo, sizinadzaze ngakhale lichero.

Ndinakaziwokera nditavala nsalu ya chipani ija, yotsika mpaka m'akakolo monga ankafunira. Ndinagwada m'matope, nkhope ija ili pansi pa bondo langa, mpaka mbande yomaliza. Zinangokwana kangodya kamodzi ka munda.

Chaka chimenecho ana anga ankagonera nyika, timizu towawa tokumba m'dambo, wailesi ikuimbabe kuti amayi tili pabwino.