Thumba la M'chigafa

Mayi ake atamwalira, mwana wanga wamkazi ankapita yekha kuchigayo ku Njombwa, ndipo mwamuna wina anayamba kumudikirira panjira. Kwathu bambo sagwirana ndi mwana wamkazi wotha msinkhu, choncho ndinapachika thumba la chimanga m'chigafa cha fodya n'kumalikankhira kwa iye kuti aphunzire kudziteteza.

"Talikitsa mapazi, werama pang'ono, manja atchinge kumaso!" ndinkamuuza.

"Bambo, thumbali bola, silinunkha kachasu," ankatero akuseka.

Tsiku lina anabwera wopanda ufa, bulauzi itang'ambika paphewa. Anandiuza kuti munthu uja anamulumphira m'miyendo kuti amugwetse, koma iye anaponya miyendo kumbuyo n'kumukanikizira nkhope m'fumbi. Lamlungu lake ndinaimba mokweza m'tchalitchi mpaka anzanga anacheuka.