Hutala ya Lole ya Sukulu

Dzina lawo lenileni analilemba pa laisensi, ndipo ndikukhulupirira kuti linatsalira pomwepo. Ife tonse, kuyambira a hedi mpaka kamwana kofika kumene m'Folomu 1, tinkangoti a Hutala. Anali dalaivala wa lole ya sukulu yathu ya sekondale, yogonera konko. Ine ndinawadziwa koyamba ndili mtsikana wosewera mpira wamanja, wamtali mopanda dongosolo, moti anandipatsa dzina loti Nsungwi. Patapita zaka ndinabwereranso pasukulu pomwepo ngati mphunzitsi wa zamasewero, ndipo ndinakwezedwa: ndinachoka kumbuyo kwa lole n'kuyamba kukhala kutsogolo, pambali pawo, pampando wong'ambika umene waya wake unkalasa munthu pamalo osaneneka. Pamaso pa ana ankanditchula kuti Madamu. Tikatseka zitseko ndinkabwerera kukhala Nsungwi.

Iwo sekondale sanailowe ali mwana. Anasiyira ku pulayimale, n'kukaphunzira chiwongolero pamalole onyamula matabwa. Koma ukawafunsa za sukulu ankati, "Ine Folomu 4 ndabwereza kambirimbiri, mayeso okha ndi amene amandimana." Ndipo sankanama. Chilichonse chimene sukulu yathu inkakachita kunja kwa mpanda chinkadutsa m'lole mwawo: anyamata a mpira wamiyendo ndi nsapato zawo zonunkha, a zisudzo ndi chitseko chawo chabodza chimene chinkagwa pakona iliyonse, a kwaya atakulunga timipango pakhosi kuopa fumbi. Nyimbo za kwaya ankaimba nawo ndi mtima wonse, koma ndi mawu okhota kwambiri, mpaka aphunzitsi a kwayawo anawapempha mwaulemu kuti azingoyendetsa.

Mpira weniweniwo sankaonera. Tikafika kusukulu ina, ankaimika lole pamthunzi chofulatira bwalo, n'kutulutsa kansanza kawo kachikasu, n'kuyamba kupukuta magalasi oyera kale. Ankati diso lawo ndi loipa, akangocheuka timagonja. Masewero akatha sankafunsa kanthu. Ankadziwa ndithu, chifukwa nkhope za ana sizisunga chinsinsi, koma ankachita ngati munthu amene wangodutsa.

Funso lawo ankalisungira malo amodzi. Pobwerera kusukulu, ukangowoloka kamlatho, pali kona pamene msewu umayamba kukwera kulowera kugeti. Pamenepo ankaimitsa lole. Nyimbo zonse kumbuyo zinkati zii. Iwo ankatulutsa mutu pawindo n'kufunsa:

"Kapiteni, tilize?"

Kapiteni akayankha kuti, "Lizani, bambo!" ankaika chikhatho pahutala osachichotsanso mpaka kugeti. Koma kapiteni akangoti zyoli, lole inkakwera mtunda mwakachetechete n'kukalowera geti laling'ono la kuseri kwa khitchini, kuti ogonja atsike popanda owaona.

Masiku amenewo panalibe njira ina yodziwira zotsatira. Otsala kusukulu ankakhala m'makalasi Loweruka masana, mabuku ali yasa padesiki, makutu ali kumlatho. Ndisanasankhidwe m'timu ndinakhalapo mbali imeneyo, ndipo sindidzaiwala. Hutala ikangoyamba kumveka chapatali, madesiki ankagwa. Ena ankatulukira pawindo. Wina ankachokera kubafa thovu lili m'mutu. Mapulifekiti, amene sabata yonse ankatilanga chifukwa chothamanga m'khonde, ndi amene ankakhala patsogolo. Ophika ankamenyanitsa zivundikiro za mapoto. Lole inkafika pageti n'kulephera kuyenda, anthu atazungulira mbali zonse, ena akumenya mabodi ake ndi manja. Ndinene mosabisa, chiphokoso chimenecho ndimachisowa mpaka lero.

Pakati pa kona ija ndi geti, kudzanja lamanzere, pali mzere wa nyumba za ogwira ntchito. Yomalizira, ya khonde loyang'ana kumsewu ndi chingwe chachitali choyanikapo zovala, inali ya a Hutala. Akazi awo ndi amene ankachapa mayunifomu a matimu onse, choncho tinkawatchula kuti Mayi a Majezi. Mpira sankaudziwa n'komwe. Koma hutala ikalira ankatulukira pakhonde n'kumakupiza chilichonse chimene chapezeka m'manja, kaya ndi jezi yonyowa, kaya ndi tsache. Tsiku lina anakupiza nkhuku imene ankafuna kupha.

Ndili mtsikana ndinapita kukatenga mayunifomu athu, n'kuwafunsa ngati amakonda mpira.

"Mwanawe, ine za zigoli zanuzo sizindikhudza," anatero akupinda jezi. "Ikalira ndimadziwa kuti bambo abwera ali munthu, adya, acheza. Ikapanda kulira ndimangoika mbale patebulo n'kuthawa."

Zinthu sizinathe tsiku limodzi. Zinatha pang'onopang'ono ngati sopo. Choyamba kunabwera mafoni. Malamulo a sukulu ankaletsa, koma mafoniwo ankagona m'mapilo ndi m'masokosi, ndipo woimbira mpira asanachotse wezulo pakamwa, hositelo yonse inali itadziwa kale. A Hutala ankafikabe pakona n'kufunsa funso lawo, ankalizabe, koma othamangira kugeti anayamba kuchepa. Munthu sathamangira nkhani imene waimva kale, wasangalala nayo, mpaka wakachapa. Kenako kunabwera a hedi ena, okonda bata, amene anati phokosoli likusokoneza owerenga. M'chaka chomwecho Mayi a Majezi anadwala, mvula isanathe anthu anawaperekeza kumanda. Atabwerako kumandako, a Hutala sanatsutsanenso ndi aliyense. Pakona paja ankangosintha giya n'kukwera.

Pamene ndinabwera kudzaphunzitsa ndinawapeza ali choncho. Tsitsi linali litayera, lole nayo itakalamba nawo limodzi, chitseko cha mbali yanga chomangidwa ndi waya. Ankayendetsabe bwino, ankapukutabe magalasi chofulatira bwalo. Koma tikamadutsa pamlatho ndinkaona dzanja lawo likuchoka pachiwongolero, kuyandama pang'ono pamwamba pa hutala, n'kubwerera. Zinkandipweteka, koma ndinkayang'ana kumbali.

Chaka chathachi akuluakulu a sukulu anatiuza kuti teremu ikatha a Hutala apuma pantchito, lole igulitsidwa, ndipo matimu azipita pa maminibasi ahayala. Ulendo womaliza unagwera atsikana anga a mpira wamanja, amene anafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha masukulu. Tsiku lina tikuchokera kokagula laimu wolembera bwalo, a Hutala anayankhula maso ali kumsewu.

"Nsungwi."

"Wawa, bambo."

"Ine zambiri sindifuna. Phwando lotsanzikana nalo asavutike. Koma ndikanakonda ndikanailiza kamodzi kokha ndisanapereke makiyi."

Mawuwo ndinapita nawo kunyumba. M'mawa mwake ndinali mu ofesi ya a hedi, kukapempha kuti alole hutala ilire. Ine ndikafuna chinthu ndimavuta, amene anandiphunzitsa amadziwa. A hedi anavula magalasi, n'kundiyang'ana ngati ndapempha kuti tigwetse holo.

"Madamu, zonsezi chifukwa cha hutala?"

"Inde, bwana."

"Chabwino. Mukapambana. Koma kamodzi kokha."

Chinatsala ndi mafoni. Tsiku la masewero, atsikana asanakwere, ndinaima pakhomo la lole ndi ndowa yopanda madzi.

"Aliyense foni yake muno."

"Madamu, ife mafoni tilibe, si ndi oletsedwa?" anatero kapiteni, mtsikana wamfupi wa pakamwa pakuthwa.

"Ndikudziwa kuti mulibe. Amene mulibewo ikani muno."

Anaseka, anadandaula, ena anatembenuka kaye kuti asolole kumene anabisa, koma ndowa inadzaza. Yanga ndinaika pamwamba. Kenako ndinamutengera kapiteni pambali n'kumuphunzitsa zoyankha pakona. Anandimvetsera ngati ndikumuuza za nthawi ya makolo, koma anavomera.

Za masewerowo sindinena zambiri, chifukwa theka lake ndinalionera kudzera m'mipata ya zala. Amene tinkasewera nawowo anali aatali, odya bwino, ndipo anatitsogolera mpaka chigawo chomaliza. Nthawi ina ndinacheuka kuyang'ana kumthunzi. A Hutala anali chilili, msana kubwalo, kansanza kachikasu kali pagalasi, koma dzanja silinkayenda. Titatsala pang'ono kutha tinafanana zigoli. Kenako kamtsikana kathu koponya, kamene tsiku lonse kankangophonya, kanalandira mpira, kanapuma, n'kuponya. Mpira unazungulira pamkombero ngati ukuganiza kaye, n'kulowa. Wezulo inalira.

Pobwerera atsikana anaimba mpaka mawu kusasa. A Hutala sanafunse kanthu. Anayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse, manja onse awiri pachiwongolero, ndipo ndinaona kuti avala malaya awo oyera opitira kutchalitchi. Dzuwa linali litapendeka pamene tinawoloka kamlatho. Anaimitsa lole. Ndinamenya bodi kuti kumbuyo akhale chete. Iwo anatsitsa galasi, n'kutulutsa mutu.

"Kapiteni, tilize?"

"Lizani, agogo!"

Ine ndinamuphunzitsa kuti anene kuti bambo, koma mwanayo ananena zimene maso ake ankaona. A Hutala anaseka pang'ono, anapukuta chikhatho pathalauza, n'kuchiika pahutala.

Poyamba inatsokomola ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Kenako inatseguka. Anali mawu omwe aja, okhuthala, onjenjemera pang'ono kumapeto. Lole inayamba kukwera. Ine maso anali kugeti, kudikira madesiki agwe, kudikira gulu litulukire pakona ya laibulale.

Sikunatuluke munthu.

Mlonda, mnyamata wa kampani yolondera amene anabwera chaka chomwecho, anathamanga kudzatsegula geti akukupiza dzanja mokwiya. "Tamva, tamva, madala! Mugonthetsa anthu!" M'mawindo a makalasi munaoneka mitu ingapo, kuyang'ana kuti kaya mabuleki aduka, n'kubwereranso m'kati.

Apo m'pamene ndinazindikira. Tinavutika kubisa nkhani kuti hutala ikafike nayo yoyamba, koma panalibenso mwana pasukulupo wodziwa kuti hutalayo ikunena chiyani. Sukulu imaiwala msanga. Amene ankadziwa anamaliza kalekale, ena ali ndi ana awo, ndipo amene anawalowa m'malo palibe anawauza. Ndinamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi, ndinalakalaka nditatsika n'kukawatulutsa m'makalasimo ndi khutu mmodzimmodzi.

Kenako kuchokera kukhitchini kunamveka chitsulo. Anali mayi wophika wamkulu, yekhayo wotsala mwa akale, wa bondo lovuta. Ankabwera chotsimphina, epuloni ili pandupandu, akumenyanitsa zivundikiro ziwiri za mapoto, akukuwa yekhayekha pabwalo lonse lija: "Tawina! Ana inu, tulukani, tawina!" Atsikana kumbuyo anamuona n'kuyamba kukuwa nawo. Apo m'pamene zitseko za makalasi zinayamba kutseguka, ana akutuluka mozengereza, akufunsana kuti kwagwanji.

Ndinatembenuka kuti ndiwapepese a Hutala. Mawu ndinali nditawakonza kale: kuti ana a masiku ano ndi choncho, kuti ndikanayenera kuwauziratu. Koma ndinapeza kuti iwo kugetiko sankayang'anako n'komwe. Lole inali itatsala pang'ono kuima, tisanafike n'kugeti komwe, ndipo nkhope yawo inali kumanzere, kunyumba yomalizira ija. Chitseko chinali chotseka. Pakhonde panali mpando umodzi. Pachingwe chachitali chija, chimene kale chinkalemera ndi majezi a sukulu yonse, panali thaulo limodzi lokha. Chikhatho chawo chinali chikadali pahutala.

"Bambo, pepani," ndinatero mokweza kuti andimve. "Anawa sakudziwa. Sanabwere ngati kale."

Anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Phokoso litatha, m'makutu munkangolira. Anatenga kansanza kachikasu kaja, n'kupukuta m'maso m'malo mwa galasi.

"Usadandaule, Nsungwi," anatero. "Ine sindinkalizira sukulu. Sukulu inkangomvera nawo."

Anakhala kanthawi akuyang'anabe pakhondepo. Kenako analowetsa giya, n'kupita kukaimika lole.